Mbewa ya mu labotale si agogo anu

Ogulitsa mankhwala azitsamba apeza nyambo yatsopano: "asayansi atsimikiza." Pa WhatsApp ndi pa Facebook akutsatsa ufa wa chikasu ndi mapilisi a soya kwa amayi osiya kusamba, ati amalimbitsa mafupa. Bodza limeneli n'lovuta kuligwira chifukwa muli kachoonadi.

Fupa lili ndi moyo. Maselo otchedwa osteoclast amagumula fupa lakale, anzawo a osteoblast n'kumamanga latsopano. Mayi akasiya kusamba, homoni ya estrogen imachepa, ogumula amaposa omanga, fupa n'kumafumbwa m'kati mwakachetechete mpaka tsiku loterereka kubafa. Ndi zoona kuti curcumin wa m'chikasu, genistein wa m'soya ndi quercetin wa m'anyezi amasokoneza uthenga wa RANKL, puloteni imene imalamula kuti ogumulawo apangike.

Koma asayansi anazionera kuti? Makamaka m'timbale ta mu labotale, komanso pa mbewa ndi makoswe ochotsedwa ziwalo zopangira mazira. M'kambale, mankhwala amathiridwa pa selo penipeni. M'thupi la munthu, curcumin salowa bwino m'magazi. Wambiri amangodutsa m'matumbo n'kukathera kuchimbudzi, pamodzi ndi ndalama zanu.

Soya anayesedwa pa anthu. Ku Miami, amayi 248 anagawidwa pawiri: ena ankamwa mamiligalamu 200 a isoflavone wa m'soya tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, ena mapilisi opanda kanthu. Zotsatira za mu 2011 zinaonetsa kuti mafupa a magulu onsewo anafooka mofanana. Inde, ku Italy mu 2007 genistein anaoneka kuti akuthandiza, koma kumeneko ankayeza kulimba kwa fupa pa makina, osati kuwerenga ngati othyoka chiuno achepa.

Sindikunyoza zomera; morphine ndi kwinini anachokera komweko. Chimene ndikukana n'kudumphira. Mankhwala a denosumab, amene amatseka RANKL yemweyo, anayesedwa pa amayi oposa 7,000, madokotala n'kuwerenga mafupa othyoka, asanavomerezedwe mu 2010. Nanga ufa wa m'kabotolo kopanda mlingo unayesedwa pa ndani?

Bungwe la PMRA lili ndi mphamvu pa mankhwala ogulitsidwa m'Malawi muno. Aliyense wonena kuti asayansi atsimikiza aitanidwe, aonetse umboni wa pa anthu. Akabwera ndi wa mbewa, malonda ake atsekedwe.