Madandaulo a Ife Otsala pa Kaundula wa Mtukula Pakhomo

Kwa mafumu athu, makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu a boma amene mumayang'anira chithandizo cha anthu ovutika.

Ife ndife alimi, amayi amasiye, agogo olera zidzukulu ndi achinyamata osowa ntchito a m'midzi yozungulira Namitete. Takhala tikung'ung'udzira pamjigo ndi m'makonde, koma tsopano taona kuti ndi bwino tinene poyera. Dandaulo lathu ndi ili: m'mudzi momwe njala yalowa pafupifupi khomo lililonse, kusankha mabanja owerengeka n'kuwatcha kuti ndiwo osauka kukutipweteka, ndipo kukutidanitsa pachibale.

Mtukula Pakhomo sitikumunyoza. Tikudziwa kuti anayambira kwa anansi athu ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo lero ali m'maboma onse 28. Taona ndi maso athu agogo akugula mbuzi, nyumba zikufoleredwa, ana akubwerera kusukulu atavala yunifolomu. Vuto lili pa muyezo. Amatenga mabanja 10 okha pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso osowa munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Chikhalirecho kafukufuku wa boma lomweli wa 2019 ndi 2020 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 51 pa 100 alionse ndi osauka, ndipo oposa 20 pa 100 ndi osaukitsitsa, osatha kupeza ngakhale chakudya chokwanira. Nanga enawo akadye kuti?

Pakati pathu pali agogo amene akulera ana awiri a malemu mwana wawo. Dzina lawo silinatuluke chifukwa pakhomopo pali mdzukulu wa zaka 20 amene akuti ndi wamphamvu. Mphamvuzo zilipodi, koma ntchito yake ili kuti? Januwale akafika, mnyamatayo amalawirira kukapalira ndi kukabandira m'minda ya eni kuti abweretse kambale ka chimanga kapena madeya. Munda wa agogowo umatsala m'tchire, chimanga chili chachikasu chifukwa chosowa feteleza. Pokolola sichidzaza ngolo imodzi, ndipo pang'ono pomwepo amagulitsako kwa mavenda pamtengo wozizira kuti abweze katapila. Chaka chamawa ganyu yemweyo. Uku si ulesi ayi. Munthu amene alibe kandalama m'thumba pa nthawi yopalira amakakamizika kulemeretsa munda wa wina, wake ukufa.

Chachiwiri ndi chidani. Kalembera akadutsa, mudzi sukhalanso chimodzimodzi. Otsala amakayikira olemba maina kuti anakondera abale awo, kaya ndi zoona kaya ayi. Mfumu ikaitana anthu kukaumba njerwa za sukulu kapena kukalambula msewu, pamamveka mawu akuti apite omwe amalandirawo. Olandirawonso amayenda mwamantha, poopa kunenedwa ndi kupemphedwa ngongole tsiku lililonse. Mgwirizano umene unkatisunga pamaliro ndi pamatenda ukutha chifukwa cha mndandanda wa maina.

Chachitatu, umphawi sudikira kalembera wina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mabanja ambiri amene pa nthawi yolemba maina ankaoneka kuti akudzidalira anagulitsa njinga, nkhumba ndi malata kuti agule ufa. Kaundula sanawaone akugwa.

N'chifukwa chake makutu athu anatseguka titamva za kwa Khongoni, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Kumeneko bungwe la GiveDirectly linatumiza pafoni ndalama zokwana madola a ku America pafupifupi 550 kwa munthu wamkulu aliyense, osasankha. Pamene onse alandira, palibe woti am'nene kuti wadyera kudziwana, ndipo palibe wotsala woti asunge mangawa. Maiko ena akukambirana zoti nzika iliyonse izilandira kandalama mwezi ndi mwezi popanda kufunsidwa mafunso. Ku Namibia anayesapo m'mudzi wa Otjivero mu 2008 ndi 2009, komwe aliyense wosafika zaka 60 ankalandira madola a dzikolo 100 pamwezi.

Nafenso takangana za nkhaniyi, ndipo mantha amene alipo sitikuwabisa. Ena mwa ife akuti anthu adzataya makasu. Koma ku Kenya, komwe bungwe la GiveDirectly lija lakhala likupereka ndalama mwezi uliwonse kwa akuluakulu onse m'midzi ina, zotsatira zimene zinatuluka mu 2023 zinaonetsa kuti anthu sanasiye kugwira ntchito. Ambiri anachoka pa ganyu n'kuyamba mabizinesi awoawo. Ena akuti ndalamazo zidzathera ku kachasu. Oterowo alipo, tikuwadziwa, ndipo amamwera kale ndalama za fodya ndi soya, koma palibe ananenapo kuti alimi onse aletsedwe kugulitsa mbewu chifukwa cha iwo. Ena akuopa kuti mitengo pamsika idzakwera. Mantha awa ndi omveka, makamaka ndalama zikabwera mu Febuluwale chimanga chitasowa. Komabe kafukufuku wa ku Siaya, ku Kenya komweko, komwe mabanja oposa 10,000 analandira madola 1,000 lililonse, anapeza kuti mitengo inangosuntha pang'ono kwambiri, ndipo ngakhale osalandira anapindula chifukwa malonda awo anayenda.

Funso lolemera ndi la gwero la ndalama. Masamu timawadziwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Aliyense atamalandira K10,000 pamwezi, pachaka pangafunike ndalama zoposa K2 thililiyoni, pamene bajeti yonse ya dziko ya 2024/25 inali pafupifupi K6 thililiyoni. Tikudziwanso kuti ndalama zambiri za Mtukula Pakhomo zimachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland, ndipo chamwini sichidalirika mpaka kalekale. Sitikufuna kuti mankhwala asowe m'zipatala kapena aphunzitsi asalipidwe chifukwa cha ife. Koma kulephera kupatsa onse lero si chifukwa chopitirizira njira imene ikusiya kunja anthu anjala.

Choncho tikupempha izi. Yambani ndi magulu amene sapikisanirana, oti chiphaso cha unzika chokha n'chokwanira kuwatsimikizira: wokalamba aliyense azilandira, osafunsa za mdzukulu amene ali pakhomo. Dziko la Lesotho, lomwe si lolemera, linayamba kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004. Kenako ganizirani olumala ndi amayi a ana aang'ono. Maina a kaundula aziwerengedwa pabwalo la mfumu anthu onse akumva, ndipo wotsala akhale ndi poti n'kukadandaula n'kuyankhidwa. Ndalama zizikwera pamene mitengo yakwera, ndipo zizifika nthawi yake, makamaka mvula isanagwe, pamene mlimi akufuna mbewu ndi feteleza. Zimene zapezeka kwa Khongoni, zabwino ndi zoipa zomwe, mubwere mudzatifotokozere m'Chichewa, kuti nafenso tiweruze ngati njira yopatsa onse ingayesedwe kuno.

Mafumu athu, inu mumagona m'midzi momwemu ndipo mukudziwa makomo amene utsi sufuka madzulo. Aphungu ndi makhansala, munabwera kudzatipempha voti khomo ndi khomo, osasankha khumi pa zana. Tengani madandaulo athuwa mukawatule ku khonsolo ndi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mubwere ndi yankho mvula ya chaka chino isanayambe.