"Anali mlimi cabe" si mbiri ya munthu

Pa maliro a kumudzi ku Chadiza, kaya kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume, pamakhala nthawi yowerenga mbiri ya malemu. Akamwalira aphunzitsi kapena a m'boma, pepala limadzaza: masukulu, maudindo, zaka za nchito. Akamwalira ambuya amene anagwira khasu zaka 60, mdzukulu wocokera ku Lusaka amachula caka cobadwa, ana angati, matenda, basi. Mphindi ziwiri sizikwana. Ine ndikuti uku n'kuwalakwira malemu, ndipo olakwa ndife a m'tauni amene tinaphunzira kulemba.

Tangoganizani munthu wobadwa ca m'ma 1940. Makolo ake anali atapanikizidwa m'malo amene atsamunda anapatulira anthu akuda mu 1928, pomwe nthaka yaikulu yozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Boma litagula malo a kampaniyo mu 1941, mabanja ambiri a Kum'mawa anasamutsidwa kukayamba midzi m'thengo. Anagwetsa mitengo ndi nkhwangwa, kuzula zitsa, kukumba zitsime. Midzi ina imene timati "kwathu" inayamba conco.

Mwana wa nthawiyo atakula, anagulitsa cimanga ku NAMBOARD mpaka bungwelo linathetsedwa mu 1989. M'zaka zomwezo zigawenga za Renamo zinali kuoloka malire kucokera ku Mozambique n'kuukira midzi ya Chadiza, koma minda sinagone. Anapyola cilala ca 1992. Anaona fataleza wa FISP akuyamba mu 2002. Ena anafika mpaka pa cilala ca 2024. Ndalama zao za nshawa ndi thonje ndizo zinalipira sukulu ya atate kapena amai anu. Zonsezi tizitsekere m'mau akuti "anali mlimi"?

Wina anganene kuti zakale sizidyetsa munthu, ife tifuna nchito. N'zoona, ndipo sindinena kuti umphawi wa kumudzi ndi wokoma. Koma mbiri ya ambuya ili ndi cuma canu mkati. Malo ambiri ku Chadiza ndi a mafumu, alibe mapepala. Malire a munda ali m'mitu mwa okalamba: culu ici, msuku uja, kamtsinje ako. Pa Cicewa munda umatsata kucikazi, ndipo amene adziwa bwino mzere wa mbumba ndi iwo omwe. Komanso lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mafumu atengeredwe mapepala mfumu ikavomera. Ambuya akapita osakuuzani amene anawapatsa mundawo, liti, ndiponso pamaso pa nyakwawa iti, tsiku la mlandu mudzaima pabwalo kukamwa kuli gwa.

Iwo omwewo ndiwo adziwa mbeu imene imapirira mvula ikadula, dambo limene siliuma, ndi cimene anthu anadya nkhokwe zitatha. Nyengo yasokonekera, nzeru zimenezi tidzazifunanso.

Conco musadikire maliro. Mukapita kumudzi pa Khrisimasi, kapena pobwera ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, khalani pamphasa, pemphani cilolezo, yatsani foni. Afunseni mwaulemu: "Ambuya, mudzi uno munabwera liti? Munacokera kuti? Anayamba kugwetsa mitengo pano ndani?" Musawadule mau, ngakhale akhotere ku nkhani ya ng'ombe imene inafa kale. Pambuyo pake yendani nao m'malire a munda, mujambule. Mau awo muwatumize pa gulu la banja la WhatsApp kuti asatayike ndi foni imodzi.

Ife a pa wailesi za m'madera timapatsa andale maola ambiri. Tibweretsereni mau a ambuya anu, eni ake atavomera, kuti Chadiza iwamve akali ndi moyo.