Mankhwala a mtima alipo, nkhani yagona powafikitsa ku Ruarwe

Nkhata Bay, Mana: Kwa munthu wa ku Ruarwe amene mtima wake wafooka, ulendo wa kuchipatala chachikulu umayambira m'boti. Mudziwu, umene uli m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, sufikika pa galimoto, ndipo anthu amadalira sitima ya Ilala, maboti kapena kuyenda pansi m'mapiri.

Wodwala matendawa amabanika, amatupa miyendo ndipo amalephera kukwera chitunda. Gwero lake lalikulu mu Africa ndi kuthamanga kwa magazi, vuto limene kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza mwa munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno.

Mankhwala amene ambiri amawadziwa ndi furosemide, amene amachotsa madzi m'thupi. Amapepuza wodwala ndithu, koma umboni wotalikitsa moyo uli pa mankhwala ena.

Mu 1987, kafukufuku wa CONSENSUS adapeza kuti enalapril amachepetsa imfa mwa odwala kwambiri. Mu 1999, wa RALES adasonyeza kuti spironolactone amachepetsa imfa ndi 30 peresenti, pamene wa CIBIS-II adapeza 34 peresenti pa bisoprolol. Mu 2019, dapagliflozin adalowa m'gululi. Lero akatswiri amalangiza kuphatikiza magulu anayi onsewa kwa wodwala amene mtima wake sukupopa magazi mwamphamvu.

Komabe mankhwalawa saperekedwa mwachisawawa. Wodwala amafunika kuunikidwa mtima ndi makina, kuyezedwa impso ndi potaziyamu m'magazi, komanso kuwonjezeredwa mlingo pang'onopang'ono. Mayi woyembekezera sayenera kumwa enalapril. Ndipo mankhwala akatha, madzi amabwereranso m'mapapo. Zonsezi zikutanthauza maulendo obwerezabwereza panyanja, ngakhale m'nyengo ya mwera.

Njira yake idaoneka kale ku Neno, kumene mu 2018 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adayamba ndondomeko ya PEN-Plus, yophunzitsa makilinikala ofesala ndi anamwino kusamalira matenda aakulu osapatsirana pa zipatala za m'maboma. Mu 2022, mayiko a mu Africa a m'bungwe la WHO adavomereza ndondomekoyi ku Lomé, m'dziko la Togo.

Phunziro kwa okonza bajeti ya zaumoyo m'makhonsolo ndi lakuti kugula mapiritsi pakokha sikokwanira. Pafunikanso mafuta a boti, zipangizo zoyezera magazi ndi kaundula wa odwala, kuti chithandizo chizipita kwa wodwala wa ku Ruarwe ndi Usisya asanafike pogonekedwa ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu.