Mavu a ku Georgia

Ndikukumbutseni za ana atatu a ku Georgia omwe anakwera pa nsanja ku Limassol, m'dziko la Cyprus, mu November 2008. Anavala zachikasu ndi zakuda ngati mavu, ndipo dzina la gulu lawo, Bzikebi, limatanthauza mavu m'chiyankhulo chakwawo. Nyimbo yawo, ya mutu wakuti "Bzz..", inalibe mawu a chiyankhulo chilichonse. Ankangolira ngati mavu azinga mango akupsa, kwinaku akuvina mopanda manyazi. Ndipo anapambana mpikisano woimba wa ana wa Junior Eurovision.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti miyezi itatu yokha inali itadutsa chichitikireni nkhondo pakati pa Georgia ndi Russia. Komabe pa usiku umenewo, Russia inapatsa ana aja mapointi 12, omwe ndi apamwamba kwambiri.

Georgia ndi dziko laling'ono, anthu ake sakwana n'komwe 4 miliyoni, koma linapambananso mu 2011, mu 2016, ndiponso mu 2024 ku Madrid, pomwe mnyamata Andria Putkaradze anaimba nyimbo yopita kwa mayi ake. Masiku ano wailesi ya kanema ya boma kumeneko imasankha woimba kudzera mu pulogalamu ya Ranina, ana n'kumapikisana masabata angapo anthu akuonera.

Ine ndimakondabe mavu aja kuposa ena onse. Akuluakulu ambiri akanawauza kuti zimenezo ndi zibwana, apeze nyimbo yeniyeni. Mwamwayi panalibe amene anawaletsa.