Mlendo Wofuna Malo a Bata ku Kabwe Ayambe Wafunsa za Dothi

Malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique anadula pakati pa mabanja ambiri a Acewa, Angoni ndi Ansenga. Motero si cacilendo kuti banja la ku Katete kapena ku Chadiza lilandire uthenga wocokera kwa mbale wa ku Mchinji, ku Dedza kapena ku Tete, wofunsa tauni ya muno m'Zambia imene munthu angakhalemo miyezi ingapo popanda phokoso ndiponso popanda kutha ndalama. Wina ali ndi mwana amene wapeza malo pa sukulu ya ukacenjede ndipo afuna kukhala naye pafupi kufikira atazolowera. Wina ndi wamalonda amene watopa ndi kugona pa masiteshoni. Wina wapuma pa nchito ndipo angofuna kuona adzukulu. Onsewa aopa Lusaka cifukwa ca kukwera kwa lendi ndi piringupiringu wa magalimoto, ndipo ku Migodi amati n'kutali. Tsono dzina limene limabwera msanga pakamwa pa woyankha ndi Kabwe.

Yankho limeneli si lolakwika, koma ndi losakwanira, ndipo mbali imene imasiyidwa ndiyo yokhudza moyo wa ana.

Zabwino za Kabwe n'zosabisika. Ndi likulu la Cigawo ca Pakati, ndipo ili pa msewu waukulu wa Great North Road, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. Njanji ipita pakati pa tauni, ndipo likulu la Zambia Railways lili komweko. Kapiri Mposhi, kumene iyambira njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam, ili pafupi cakumpoto. Pali cipatala cacikulu ca cigawo, maofesi a Boma, ndi masukulu awiri a ukacenjede: Kwame Nkrumah, imene inayamba mu 1967 monga koleji ya aphunzitsi, ndi Mulungushi, imene inakhazikitsidwa mu 2008. Tauniyi yazunguliridwa ndi mafamu a cimanga, soya, tomato ndi ng'ombe, ndipo nsomba zibwera kucokera ku dambo lalikulu la Lukanga cakumadzulo, kotero kuti ndiwo pa msika sizisowa. Eni dziko ndi Alenje, ndipo Cibemba cimveka kwambiri m'misika, koma wolankhula Cinyanja sasowa womuyankha. Malo ace ndi acidikha, ndipo anthu ambiri ayenda pa njinga kapena pansi, osalipira basi tsiku ndi tsiku monga acitira a ku Lusaka.

Komatu munthu wanzeru akapeza malo abata ndi ochipa, amadzifunsa cimene cinawakhalitsa otero. Bata la Kabwe lili ndi mbiri yace.

Mu 1902 mzungu wina wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa malowa, ndipo anawacha Broken Hill potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Magetsi a mgodi anayamba kucokera ku damu la pa mtsinje wa Mulungushi, limene linatsegulidwa mu 1925. Pa nthawi imene Lusaka inali kasiteshoni cabe, Broken Hill inali kale tauni ya utsi, malikhweru a sitima ndi mabelu a mashifiti. Amuna ambiri anabwera kudzafuna nchito kucokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, ena atayenda pansi milungu ingapo ndi kuoloka Luangwa pa bwato. Anali kunena kuti adzakhala caka cimodzi kuti apeze ndalama za msonkho ndi za malowolo, koma ambiri anasanduka machona. Kampani ya mgodi inali kupatsa anchito ena okhalitsa minda ya maekala asanu kunja kwa komboni kuti azilima cakudya cao, ndipo zimenezi zinawathandiza kuitana akazi ndi ana ao kumudzi. Motero mlendo wa lero wocokera ku Malawi amene afika ku Kabwe atsata mapazi a agogo ace.

M'mgodi womwewu ndi mmene anchito anafukula cigaza ca munthu wakalekale mu 1921. Cigazaco cinatengedwa kupita ku London, kumene cikali kusungidwa, ngakhale kuti Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe. Dzina la Broken Hill linasinthidwa kukhala Kabwe mu 1966, ufulu utabwera kale.

Mgodi unatsekedwa mu 1994. Anthu zikwi anataya nchito, ndipo masitolo ndi mabawa amene anali kudalira malipiro a pa mgodi anazilala. Nchito za njanji nazo zinacepa, makamaka pakati pa 2003 ndi 2012 pamene njanjiyo inali m'manja mwa kampani yapadera. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China, inaima kwa zaka zambiri. Nyumba za mgodi zinagulitsidwa kwa amene anali kukhalamo, ndipo ambiri a iwo, posowa malipiro a pamwezi, anayamba kubwereketsa zipinda kapena kumanga tinyumba kuseri. Apa ndi pamene panacokera bata ndi lendi yotsika. Masukulu a ukacenjede ndi malonda a zaulimi abwezako moyo m'tauni, koma Kabwe ikali yofatsa poiyerekeza ndi Lusaka kapena Kitwe.

Pakati pa tauni pali mkuyu waukulu umene anthu akhala akupumulapo ndi kucitirapo misonkhano kuyambira masiku a atsamunda, ndipo Boma linauika m'gulu la zinthu zosungidwa za dziko. Woona mtengowu angakumbukire mau a akuluakulu akuti cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Nyerere za Kabwe ndi mtovu.

Kwa zaka pafupifupi 90 mgodi ndi ng'anjo yace yosungunulira miyala zinali kutulutsa utsi ndi fumbi la mtovu, ndipo fumbilo linagwera pa mabwalo, pa madenga ndi m'minda ya makomboni oyandikana nao. Pamene mgodi unatsekedwa, mulu waukulu wa zotsalira, umene anthu aucha Black Mountain, unatsala poyera. Mtovu suola ngati manyowa, ndipo mvula siutha. Ulibe fungo, ndipo bwalo lokhala nao lioneka cimodzimodzi ndi bwalo lina lililonse losesedwa bwino. Bungwe la Blacksmith Institute la ku America linaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa koposa pa dziko lonse mu 2006 ndi mu 2007, ndipo bungwe la Human Rights Watch linalemba lipoti la ana a kumeneko mu 2019.

Munthu wamkulu wokhala miyezi yocepa sali pa ngozi yofanana ndi ya mwana wamng'ono. Mwana wokwawa amagwira pansi ndi kuika zala m'kamwa, amatola cakudya cimene cagwa, ndipo thupi lace limamwa mtovu wambiri kuposa la wamkulu. Mtovu umacepetsa magazi, umapweteka m'mimba, ndipo ukacuruka ungagwetse mwana khunyu kapena kumupha kumene. Coopsa kwambiri n'cakuti umaononga ubongo mwakacetecete. Mwana amakula wooneka bwino, koma ku sukulu sagwira zinthu, ndipo makolo amamuyesa waulesi kapena amakaombeza ula. Cimene caonongeka mu ubongo sicibwerera. Mai wapakati nayenso apatsira mtovu mwana wa m'mimba, ndipo cizolowezi ca amai ena cakudya dothi pa nthawi ya pakati n'coopsa kowirikiza pa malo otere. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linena kuti palibe muyezo wa mtovu m'magazi umene ungachedwe wosavulaza.

Mu 2016 Banki ya Dziko Lonse inavomera kubwereketsa Boma ndalama zokonzera malo oonongeka ndi migodi, ndipo mbali ina inapita ku Kabwe kukapima ana magazi, kupereka mankhwala ndi kukonza mabwalo ena. Mu 2020 maloya oimira ana ndi amai a ku Kabwe anasumira kampani ya Anglo American ku khoti la ku Johannesburg. Kampaniyo inakana mlandu, ndipo mu December 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire monga wa gulu, koma odandaulawo anacita apilo. Zonsezi ndi nkhani za makhoti ndi maofesi. Mlendo amene watsika basi ndi katundu pamutu ndi mwana kumsana ali ndi funso lapafupi: agone kuti?

Apa ndi pamene kuchipa kumanyenga. Mtovu sunafalikire mofanana m'tauni yonse. Wacuruka m'makomboni oyandikana ndi mgodi wakale, monga Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe Wansofu, ndipo umacepa munthu akamatalikira. Mphepo ya kumeneko imaomba kawirikawiri kucokera cakum'mawa, kotero kuti Kasanda ndi Makululu, amene ali cakumadzulo kwa mgodi, alandira fumbi lambiri, makamaka kuyambira August kufikira mvula itagwa. Ku Chowa kuli ngalande imene inali kucotsa madzi a mumgodi, ndipo matope ace ali ndi mtovu. Tsono zipinda zambiri zochipa zipezeka m'madera omwewa, ndipo mlendo wosadziwa, poona kuti lendi yace ndi yopepuka, amathokoza mwai wace. Anthu okhala kumeneko si osasamala ai. Ambiri anabadwira komweko ndipo alibe kwina kopita. Koma mlendo ali ndi mwai umene iwo alibe, wosankha asanamasule katundu, ndipo kutaya mwai umenewu cifukwa ca makwaca ocepa pamwezi n'kulakwira mwana.

Wofuna nyumba ayende yekha kukaiona masana, asangodalira mau a mbale kapena a wofunira anthu nyumba amene alandirapo yace. Afunse kuti mgodi wakale uli cakuti ndipo uli patali motani. Ayang'ane bwalo: la kapinga kapena la simenti liposa la fumbi. Ayang'ane pansi m'nyumba ngati ndi pozira ndi simenti kotero kuti angakolope ndi madzi, pakuti tsache louma limangoutsa fumbi. Afunsenso kumene kunacokera dothi ndi miyala yothira pabwalo ndi m'njira, popeza ena anatuta zotsalira za ku mgodi poziyesa mcenga waulere. Munthu wakumudzi sakhala mwezi pa malo osabzala mpiru kapena cibwabwa kuseri kwa nyumba, koma pafupi ndi mgodi dimba lotere n'losayenera, pokhapokha dothi litacokera kutali ndi kuthiridwa m'matumba kapena m'mabeseni. Ndiwo zogula pa msika zitsukidwe bwino. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma sikucotsa mtovu.

Ngati banja lakakamizika kukhala m'madera amenewa, ana asambe m'manja asanadye, asasewere pa ngalande kapena pa milu ya ku mgodi, ndipo adye kapenta, nyemba, mazira ndi mkaka pamene zipezeka, cifukwa mwana wanjala ndi wocepa magazi amamwa mtovu wambiri. Makolo apite ku kiliniki kukafunsa za kupimitsa magazi a mwana, osayembekeza kuti ayambe wadwala. Ndipo ngati agogo kumudzi ali ndi mphamvu, nzeru ina ndiyo kusiya ana aang'ono kwao kwa miyezi imeneyo, monga anali kucitira anchito ena akale.

Zina zofunsa n'zimene munthu afunsa m'tauni iliyonse. Madzi atuluka maola angati pa tsiku, ndipo mpopi ndi wa mabanja angati? Mita ya magetsi ndi ya nyumba imodzi kapena yogawana, pakuti mikangano yambiri ya pa lendi iyambira pa mayunitsi? Cilala ca mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, cinaphunzitsa onse kuti mbaula ndi thumba la malasha ziyenera kuwerengedwa pa ndalama za pamwezi. Wofuna bata lenileni abwerenso madzulo a Loweruka kudzamva ngati pafupi pali bawa, cifukwa komboni imene ili zii Laciwiri m'mawa ingakhale ina Loweruka usiku. Zipinda za pafupi ndi masukulu a ukacenjede zimakwera mtengo ndi kusowa pamene ophunzira atsegulira. Neti ya udzudzu isaiwalike, ndipo ndalama iliyonse yopatsa mwini nyumba ilembedwe pa pepala pamaso pa mboni.

Pomaliza pali nkhani ya mapepala, imene abale a kutsidya kwa malire amaipeputsa poganiza kuti dziko la amalume ao ndi lao lomwe. Mzika ya Malawi kapena ya Mozambique ilowa muno popanda viza, koma ndi pasipoti yodindidwa pa cipata, monga ca Mwami kapena ca Chanida. Lamulo la mu 2010 linapatsa mlendo wodzaceza masiku 90 pa miyezi 12, ndi wodzacita malonda masiku 30, ndipo wofuna kupitirira apo kapena kuphunzira afunika cilolezo capadera. Popeza malamulo amasinthidwa, mlendo afunse pa cipata pomwepo ndi kuwerenga tsiku limene lalembedwa pa cidindo. Ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko iliko ku Kabwe, ndipo n'kwapafupi kupitako masiku asanathe kuposa kukafotokoza atatha. Ciphaso ca m'malire cimene anthu amapita naco ku maliro kapena ku Kulamba ku Mkaika sicifikitsa munthu ku Cigawo ca Pakati.