Khoswe wa pa Mkhate

Anzanga a m'seminale, abambo ansembe ndi inu makolo athu, ndiloleni ndiikire kumbuyo masewera ena amene anthu ambiri akangomva malamulo ake amapukusa mutu. Dzina lake ndi Shadows over Camelot. Anawakonza ndi anthu awiri a ku France, Bruno Cathala ndi Serge Laget, ndipo kampani ya Days of Wonder inawatulutsa mu 2005.

Pa bawo timalimbana ndi mnzathu amene wakhala patsogolo pathu, koma apa anthu kuyambira 3 mpaka 7 amakhala mbali imodzi. Onse ndi ankhondo a Mfumu Arthur, ija ya m'nthano za ku Britain, ndipo ntchito yawo ndi kuteteza mzinda wa Camelot. Ena amapita kukatsekereza adani, ena kukafuna lupanga lotchedwa Excalibur, enanso kukafuna Grail, chikho chimene nthanozo zimati Ambuye anamwera pa mgonero wotsiriza. Akapambana pa ulendo wotere amaika malupanga oyera pa tebulo la mfumu. Akalephera, pamabwera malupanga akuda. Akudawo akafika 7, kapena zida za adani zogumulira linga zikakwana 12, ndiye kuti onse agonja.

Chimene chimadandaulitsa anthu ndi ichi. Poyamba penipeni aliyense amalandira khadi lobisika kuchokera pa makadi 8. Makadi 7 ndi a anthu okhulupirika, limodzi ndi la mthirakuwiri. Amene walandira limeneli amaseka nanu, amakulangizani, koma mumtima akufuna kuti mzinda ugwe. Tsono ena amafunsa kuti, kodi si kuphunzitsa ana chinyengo kumeneku?

Funsoli ndi lomveka ndipo sindilipeputsa. Koma taonani bwino. Makadi ndi 8 pamene osewera sapitirira 7, choncho khadi la mthirakuwiri likhoza kutsala m'bokosi. Ngati osewera ali anayi, mwayi woti palibe mdani pakati pawo ndi theka lathunthu. Komabe anayiwo amayamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Mnzawo akaponya khadi lofooka, mwina chifukwa analibe lina, enawo amayamba kunong'onezana. Gulu likhoza kugonja popanda wolipereka, litadzidya lokha ndi kukayikirana.

Okonza masewerawa anaika mtengo pa kuloza chala. Palibe amene amaloledwa kuneneza mnzake mpaka pa tebulo patakhala malupanga 6, kapena zida za adani zitafika 6. Ndiponso munthu aliyense amaneneza kamodzi kokha. Ukalasa, gulu limapata lupanga loyera. Ukanamizira munthu wosalakwa, lupanga limodzi loyera limatembenuzidwa kukhala lakuda. Nanga kungokhala chete? Nakonso kuli ndi mtengo wake, pakuti mthirakuwiri akafika kumapeto osadziwika amadetsa malupanga oyera awiri. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukafulumira ndi chibonga uswa mkhate, ukazengereza khoswe atha zam'katimo.

Ife amene timagona chipinda chimodzi ndi kudyera pamodzi tikuidziwa bwino nkhani imeneyi. Sopo akasowa, kapena mphekesera ikafika kwa aphunzitsi, dzina la munthu limatuluka msanga kuposa umboni. Kawirikawiri limakhala la mnyamata wofatsa, kapena wochokera kutali amene alibe womuyankhulira. Wonenezayo sataya kanthu, koma mnzakeyo amasenza manyazi mpaka chaka kutha. M'masewera aja wonamizira mnzake amaona ndi maso ake lupanga likuda, ndipo gulu lonse limadziwa amene walidetsa. Phunziro lotere ndi losowa. Amene amasewera ngati mthirakuwiri amachita zimene onse anagwirizana asanayambe, ndipo pomaliza amaonetsa khadi lake poyera. Enawo ndiwo amaphunzira zambiri: kudikira, kusunga umboni, ndi kuyankhula nthawi yake ikakwana.

Mu 2008 kunatuluka bokosi lowonjezera lotchedwa Merlin's Company. Limalola osewera kufika 8, ndipo gulu likakhala lalikulu athirakuwiri akhoza kukhala awiri. Linabweretsanso makadi a paulendo: wankhondo akanyamuka akhoza kusochera, kugwidwa, kapena kukumana ndi Merlin, mlangizi wa mfumu, amene amamuthandiza. Maganizo anga ndi akuti oyamba kumene asathamangire bokosi limeneli. Tsoka la panjira limachititsa munthu wokhulupirika kuoneka ngati waulesi kapena wachiwembu, ndipo kugwira mthirakuwiri mmodzi sikubweretsanso mtendere poti mwina watsala wina. Amene sanazolowere kuugwira mtima angotengapo chizolowezi chokayikira aliyense. Koma kwa amene akhwima pa masewera oyamba aja, bokosili ndi mayeso abwino, chifukwa limawakakamiza kusiyanitsa tsoka ndi chiwembu.

Choncho pempho langa kwa abambo ndi makolo ndi lakuti mukamva za masewera otere musawaweruze ndi khadi limodzi lija. Khalani nawo pansi anyamata, muone amene amafulumira kuloza chala ndi amene amayamba wafunsa. Ndipo inu anzanga, tsiku lina sopo akadzasowanso, muyambe mwawerenga malupanga anu musanatchule dzina la munthu.