Fakitale Ikaima, Wolira Ndi Mlimi wa kwa Dzoole

Awerengi athu adziwa kuti m'ndondomeko ya Malawi 2063, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, Boma linaika mafakitale pakati pa mizati itatu ya chitukuko cha dziko lino, pamodzi ndi ulimi wa malonda ndi kukula kwa mizinda. Cholinga chake nchomveka ndithu: tileke kugulitsa mbewu zathu zosakonza pa mtengo wolira, tiyambe kuzikonza tokha kuno kwathu. Nyuzipepala ino ivomereza cholinga chimenechi ndi mtima wonse. Koma akulu anati walira mvula walira matope, ndipo lero tifuna kunena za matope amene adza pamodzi ndi mvula ya makina atsopano.

Makina a masiku ano sali ngati chigayo cha dizilo chimene tinazolowera m'midzi, chimene mwini wake achitseka ndi loko madzulo napita kukagona. M'fakitale yamakono muli timabokosi totchedwa PLC, timene tilamulira liwiro la malamba, kutentha kwa moto, chinyezi cha mbewu ndi kulemera kwa thumba lililonse. Timabokosi timeneti tilumikizidwa ku makompyuta a m'chipinda cha oyang'anira. Makompyutawo nthawi zambiri alumikizidwanso ku ofesi ya akalaliki, ndipo ofesiyo ili pa intaneti. Kawirikawiri kampani yakunja imene inagulitsa makinawo isiyanso njira yake yolowera, kuti akatswiri ake athe kukonza zolakwika ali kwawo, osakwera ndege. Zonsezi zichepetsa ndalama ndi nthawi. Komabe njira imene katswiri alowera ali kutali, mbava nayonso ingathe kulowera ili kutali, mlonda wa pachipata ali chiimire ndi chibonga chake, wosaona kanthu.

Mwina wina afunsa kuti, kodi nkhani imeneyi ikhudza bwanji anthu a kwa Mfumu Dzoole m'boma la Dowa, kapena a m'mapiri a Ntchisi, kumene ambiri sanalowepo m'fakitale chibadwire? Tiyeni titsate thumba la soya ndi belo la fodya. Mlimi akakolola, mbewu zake zikwera lole kutsika mseu wa M1, kudzera pa Mponela ndi Lumbadzi, kufikira ku Kanengo mu Lilongwe. Kumeneko fodya agulitsidwa pa okushoni, nalowa m'makina a makampani monga Limbe Leaf ndi Alliance One, amene achotsa mitsitsi ndi kuumitsa tsamba pa muyeso woyenera. Soya ayengedwa mafuta ophikira, zotsala zake nizipita ku chakudya cha nkhuku. Mtedza nawo uli ndi fakitale yake ku Kanengo komweko, imene kampani ya Pyxus inatsegula m'chaka cha 2022. Tsono makina amenewa akaima masabata atatu m'nyengo ya msika, wogula aleka kugula, malole aima pa mzere, mabelo achita nkhungu, ndipo mlimi amene afuna fizi ya mwana apereka mbewu zake kwa mavenda pa mtengo uliwonse umene iwo anena. Mwini fakitale ali ndi inshuwalansi ndi banki yomudikira. Mlimi wa kwa Dzoole ali ndi nyengo imodzi yokha ya mvula pa chaka.

Zimene tili kunenazi zinachitika kale m'maiko ena, ndipo ndi bwino tiziike poyera ndi zaka zake. M'chaka cha 2014 boma la Germany linalengeza kuti anthu oipa analowa m'fakitale ina yosungunula chitsulo. Anayamba ndi kalata yonyenga ya pa imelo yopita ku ofesi, nachoka ku ofesiko kufikira ku makina, kotero kuti ng'anjo yaikulu inakanika kuzimitsidwa mwa dongosolo lake ndipo inaonongeka kwambiri. M'mwezi wa May 2021 kampani ya JBS, imene ili pakati pa makampani aakulu koposa okonza nyama pa dziko lapansi, inaimitsa ntchito m'malo ake ophera ng'ombe ku United States, Canada ndi Australia chifukwa mbava zinatseka makompyuta ake. Inalipira dipo la madola 11 miliyoni, ndipo m'masiku amenewo oweta ng'ombe anasowa kotumiza ziweto zawo. M'mwezi wa September 2025 kampani yopanga magalimoto ya Jaguar Land Rover ku Britain inaima pafupifupi masabata asanu. Amene anavutika koposa anali makampani aang'ono oigulitsa zipangizo, kufikira boma la dzikolo linalonjeza kuimira ngongole ya mapaundi 1.5 biliyoni kuti iwo asagwe. Awerengi aone kuti ku JBS ndi ku Jaguar Land Rover komwe, ululu unatsikira kwa iwo amene adyetsa fakitale ndi katundu wawo. Kuno kwathu, wodyetsa fakitale ndiye mlimi.

Alipo ena amene ati dziko lathu ndi laling'ono ndi losauka, ndipo mbava za pa intaneti zilibe nalo ntchito. Maganizo amenewa tiwatsutsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, tizilombo ta m'makompyuta sitisankha mwini. M'mwezi wa June 2017 kachilombo kotchedwa NotPetya, kamene kanayambira ku Ukraine, kanafalikira kokha m'maiko ambiri, nikagwetsa makompyuta a kampani ya zombo ya Maersk, nikaimitsanso fakitale ya chokoleti ya Cadbury ku Tasmania, kutali zedi ndi kumene kanachokera. Chachiwiri, mlendo ameneyu anafika kale m'chigawo chathu chino. M'mwezi wa July 2021 makompyuta a Transnet ku South Africa anatsekedwa, ndipo madoko, kuphatikizapo la Durban limene katundu wina wa dziko lino adzerako, anagwira ntchito mopunduka kwa masiku angapo. M'mwezi wa February 2024 Dr Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava zinalowa m'makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, nizifuna dipo, ndi kuti Boma silidzalipira. Kwa masabata angapo mapasipoti sanasindikizidwe, ndipo amalonda, ophunzira ndi odwala ofuna chithandizo kunja anakhala manja ali m'khosi. Ngati ofesi ya Boma inaona zotere, mwini fakitale ku Kanengo asadzinyenge. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiyeneranso kuzindikira kuti kuima kwa makina si ngozi yokhayo. Makina oima aoneka ndi maso, koma makina onama saoneka msanga. Fakitale yosakaniza feteleza idalira sikelo ya pakompyuta kuti ithire muyeso woyenera wa mchere uliwonse m'thumba la NPK. Munthu woipa, kapena wantchito wochotsedwa amene ali ndi mangawa, akasintha manambala amenewo, thumba lituluka looneka bwino ndi losokedwa bwino, ndipo cholakwacho chidzadziwika m'mwezi wa February chimanga chitachita chikasu m'munda, nthawi yobzalanso itapita. Momwemonso makina osankha mtedza akasokonezedwa, mtedza wa chuku ungathe kulowa m'matumba opita kunja, ndipo ogula akakana katundu wathu kamodzi, mbiri ya mtedza wa Malawi yense ithimbirira. Mafakitale ambiri oyenga mafuta a soya agwiritsa ntchito mankhwala otchedwa hexane, amene agwira moto msanga. Pamenepo kusokoneza zoyesera kutentha kuika miyoyo ya antchito pa chiswe.

Nanga tichite chiyani? Malamulo tili nawo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la chaka cha 2016 liletsa kulowa m'kompyuta ya mwini popanda chilolezo, ndipo linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA kuti lizilandira madandaulo ndi kuthandiza ogwidwa ndi ngozi zotere. M'chaka cha 2024 munabweranso lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta. Koma lamulo lilanga wakuba akagwidwa, ndipo wakuba wa mtundu uwu kawirikawiri ali kutsidya kwa nyanja kumene wapolisi wathu safika. Chifukwa chake ntchito yaikulu ili m'manja mwa eni mafakitale ndi ogwira ntchito za Boma amene apereka zilolezo ndi kusaina mapangano. Kwa iwo tinena zinthu zisanu.

Choyamba, makompyuta a mu ofesi alekanitsidwe ndi makompyuta oyendetsa makina, kuti kalata yonyenga imene kalaliki watsegula mosadziwa isafike ku ng'anjo kapena ku sikelo. Chachiwiri, njira ya akatswiri akunja ikhale yotseka masiku onse, itsegulidwe pa nthawi yogwirizana yokha, Mmalawi ali kuyang'anira, ndipo zonse zochitidwa zilembedwe m'kaundula. Chachitatu, mawu achinsinsi amene makina abwera nawo kuchokera kwa wopanga asinthidwe tsiku loyamba lomwe, ndipo wantchito akachoka dzina lake lifufutidwe tsiku lomwelo, monga momwe alandidwa makiyi a stolo. Fulashi ya munthu wamba isalowe m'kompyuta ya makina. Chachinayi, makope a mapulogalamu onse asungidwe padera, pamalo osalumikizidwa ku intaneti, ndipo aziyesedwa nthawi ndi nthawi, pakuti nkhokwe yosasuzumira ipezeka ndi anankafumbwe okhaokha tsiku la njala. Chachisanu, pakhale anthu odziwa kuyendetsa fakitale ndi manja.

Pa mfundo yachisanuyi pali phunziro labwino lochokera ku Norway. M'mwezi wa March 2019 kampani ya aluminiyamu ya Norsk Hydro inatsekeredwa makompyuta ake ndi mbava zofuna dipo. Kampaniyo inakana kulipira, inauza dziko lonse poyera zimene zinachitika, inabwerera ku makope ake, ndipo m'mafakitale ena antchito anayendetsa ntchito ndi pepala ndi pensulo, mothandizidwa ndi anzawo opuma pantchito amene anakumbukira njira zakale. Inataya ndalama zambiri, koma siinagwade. Chimene chinaipulumutsa ndi anthu odziwa ntchito yawo kufikira ku mizu, ndipo anthu otere dziko losauka lingathe kuwaphunzitsa monga momwe lolemera lichitira.

Kwa inu ogwira ntchito za Boma m'maunduna a zamalonda, zaulimi ndi zachuma, pempho lathu ndi ili: chitetezo chigulidwe pamodzi ndi makina. Pangano lililonse limene Boma, kampani ya Boma kapena kopaletivu yothandizidwa ndi Boma isaina, linene momveka kuti makiyi onse a pakompyuta adzakhala m'manja mwa Amalawi, kuti wogulitsa adzaphunzitsa amisiri athu, ndi kuti adzapitiriza kutseka mipata ya m'mapulogalamu ake kwa zaka zotchulidwa. Maiko ambiri atsata muyeso wotchedwa IEC 62443 pa chitetezo cha makina a m'mafakitale. Nkoyenera kuti bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi MACRA akhale pansi ndi eni mafakitale naone mbali zake zimene zingagwire ntchito kuno. Monga fakitale ifunsidwa za utsi wake ndi madzi ake oipa isanalandire chilolezo, ifunsidwenso za chitetezo cha makompyuta ake. Eni ake adzati zimenezi zifuna ndalama. Nzoona, zifuna ndalama. Koma eni omwewo amanga mpanda wa njerwa ndi kulipira alonda usiku uliwonse osadandaula, ndipo zambiri mwa zisanu tatchulazi zifuna mwambo koposa ndalama. Tiwapemphanso kuti ngozi ikawagwera asabise chifukwa cha manyazi, koma auze Malawi CERT msanga, kuti anzawo achenjezedwe.

Kwa inu aphunzitsi, kuyambira m'masukulu a pulayimale a kwa Dzoole kufikira ku sekondale ya Robert Blake ku Kongwe, ntchito yanu ndi yaikulu koposa momwe ionekera. Ana amene ali pamaso panu lero ndiwo adzakhala m'zipinda zoyang'anira makina mawa. Aphunzitseni kuti mawu achinsinsi sabwerekana, kuti uthenga wolonjeza mphoto pa foni uyenera kukayikiridwa, ndi kuti masamu ndi sayansi ndizo njira yopita ku ntchito zimenezi. Yunivesite ya MUST ku Thyolo iphunzitsa kale za chitetezo cha makompyuta, ya MUBAS ku Blantyre iphunzitsa mainjiniya, ndipo makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA atulutsa amisiri a magetsi. Chofunika tsopano nchakuti maphunziro amenewa akumane, kuti wodziwa makina adziwenso kompyuta, ndi wodziwa kompyuta alowepo m'fakitale naona lamba ali kuyenda.

Dziko lathu lili ndi mwayi umodzi umene maiko olemera alibe. Iwo ali kuvutika kuika chitetezo pa makina akale amene anaikidwa zaka makumi angapo zapitazo, pamene mafakitale athu ambiri sanamangidwe nkomwe. Tingathe kuyamba bwino kuchokera pa maziko, ngati amene asaina mapangano chaka chino akumbukira kufunsa mafunso oyenera asanalembe dzina. Chakudza sichiimba ng'oma. Mlimi wa kwa Dzoole achita mbali yake chaka ndi chaka, alima, apalira, akolola natumiza. Ayenera kupeza chipata cha fakitale chili chotsegula, sikelo ili yoona, ndi ndalama zake zitafika ku banki pa tsiku lake.